Nsomba za M'chitini pa Lungwena

Chaka chimene amwenye anauzidwa kuti asamuke m'midzi akachitire malonda awo m'matauni, a Kingstone anali atangopuma kumene pa ntchito ya usilikali. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma kumeneko masitolo abwino anali atatengedwa kale ndi anthu ochenjera, choncho iwo anatenga sitolo imene mmwenye wina anasiya pa Lungwena, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Makanjira. Dzina lolembedwa pakhoma linali lawo, koma aliyense pa Lungwena ankadziwa kuti woyendetsa sitoloyo anali mkazi wawo, Jestina.

Jestina ndiye ankadziwa kuti palafini amathamanga mwezi ukakhala mumdima, pamene asodzi a usipa amayatsa nyali zawo panyanja. Ankadziwa kuti shuga amayenda kwambiri m'mwezi wa Ramadani, ndiponso kuti sopo wamtanda ayenera kudulidwa tizidutswa chifukwa palibe wogula mtanda wathunthu. Anali ataphunzira Chiyao chokwanira kupatsana moni, kukambirana mitengo ndi kumva miseche. A Kingstone ntchito yawo inali kukhala pakhonde ndi wailesi, kupukuta sikelo, ndi kupita ku Limbe kukapikula katundu. Ulendo wa ku Limbewo ankaukonda kwambiri. Ankavala jekete ndi tayi, n'kupaka nsapato polishi ngati kuti fumbi la pa lole liziwopa.

Ulendo umene tikunenawu, Jestina anawauza mobwerezabwereza zofunika: shuga, palafini, mchere, machesi ndi magalasi a nyali. Lole itabwera nawo patapita masiku, iye anaima pakhomo kuyang'ana katundu akutsitsidwa. Shuga anali wochepa. Magalasi a nyali panalibe. M'malo mwake munatsika makatoni amene sanawaonepo, olemera moti anyamata otsitsa ankabuula. Anang'amba imodzi n'kutulutsa kachitini kafupi, kozungulira, kokhala ndi chithunzi cha chinsomba chabuluu chikudumpha pamafunde.

"Izi n'chiyani, bambo a Rose?"

"Nsomba," anatero a Kingstone akumasula tayi. "Za m'nyanja ya mchere. Dzina lake ndi tuna."

Jestina anayang'ana kachitiniko, kenako anakweza maso. Kutsidya kwa msewu usipa unali mbee pamathandala mpaka kukafika kumchenga. Kuseri kwa sitolo utsi wa anthu owamba chambo unkalowa ndi pawindo. Ngakhale zovala zimene ankayanika pachingwe zinkanunkha nsomba. Anafunsa amuna ake ngati anaiwala kumene amakhala.

A Kingstone sanakhumudwe. Anakhala pakatoni n'kufotokoza zimene anamva ku Limbe. Pa kampani imene ankapikulapo panali mkulu wina woona za malonda, a Blackson, munthu wophunzira amene anawaitanira mu ofesi n'kuwapatsa tiyi wamkaka. A Blacksonwo anati msika ukusintha. Anthu amakono sakufunanso kupala mamba kapena kulimbana ndi minga. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe akazi ogwira ntchito m'maofesi akugula zitini zimenezi ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku, ndipo zimene tauni yayamba lero, mudzi umatsatira mawa. Wogulitsa amene ayambirire ndiye adzadyerere. A Kingstone ankanena mawuwa pang'onopang'ono, mowanyadira, ngati anawapeka okha.

Jestina anafunsa kuti pa Lungwena akazi a m'maofesiwo ali kuti. Iwo anayankha kuti vuto lake iye amaona za lero zokha.

Zitinizo anaziika okha pashelefu yapakati, pafupi ndi mafuta ophikira, zithunzi zonse zitayang'ana kukhomo. Sabata yoyamba anthu ankaziloza, kufunsa, n'kuseka poganiza kuti Jestina akuwanamiza. Palibe anagula. A Kingstone anati anthu sangagule chinthu chimene sanalawe. Lachisanu masana, nthawi imene amuna amachokera ku mzikiti, anatulutsa tebulo pakhonde, n'kuyalapo nsalu ya Jestina ya kutchalitchi osapempha, n'kuboola chitini chimodzi ndi mpeni wawo wa ku usilikali.

Anthu anaunjikana. M'chitinimo munali chinthu chotuwa, chonyowa ndi mafuta, chopanda mutu, mchira kapena mamba. Che Ajira, mayi wowamba nsomba amene ankakhala kuseri kwa sitolo ndipo ankagwirizana kwambiri ndi Jestina, anawerama n'kusuzumira nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti mutu wake uli kuti. Anati iye nsomba amaidziwira m'maso, tsono iyi yobisa maso aziidziwa bwanji. A Kingstone anafotokoza kuti tuna ndi nsomba yaikulu kuposa munthu, singakwane m'chitini yathunthu. Mawu amenewa sanathandize konse. Ena anabwerera m'mbuyo pang'ono.

Wolimba mtima anali che Yakobo, mwini makoka wachikulire amene anthu ankamulemekeza pagombe lonselo. Anatapa ndi zala, kununkhiza, n'kuika mkamwa. Anatafuna nthawi yaitali anthu onse akumuyang'ana.

"Si yoipa ayi," anatero pomaliza. "Koma inafa liti?"

Khonde lonse linafa ndi phwete. A Kingstone anayesa kufotokoza za mafakitale ndi moto wamphamvu umene amaphikira zitini, koma anthu anali atayamba kubalalika, akubwereza funso la che Yakobo m'Chiyao. Jestina anachotsa nsalu yake patebulo. Inali itadontheredwa mafuta pakati penipeni.

Zikanathera pa kuseka zikanakhala bwino. Koma patangopita masiku, Jestina anaona kuti mafuta ophikira asiya kuyenda. Amayi ankalowa, kugula machesi, kuyang'ana shelefu yapakati ndi diso la m'mbali, n'kutuluka. Che Ajira ndiye anamuuza zoona. Kuchitsime kunkamveka zoti m'zitinimo muli njoka ya m'madzi. Ena ankati ndi nkhumba imene aiphika ndi mchere wambiri kuti imveke ngati nsomba, ndipo chithunzicho n'chongonamizira anthu. Tsono mafuta okhala pafupi ndi chinthu cha haramu, choletsedwa kwa Asilamu, ndani angawagule?

Madzulo a tsikulo Jestina anatsitsa zitini zonse n'kuziunjika pakona, pansi, kutali ndi chilichonse chodyedwa. Anatsuka shelefu ndi sopo chitseko chili chotsegula kuti odutsa aone. A Kingstone anadandaula kuti katundu wobisika sagulidwa. M'mawa mwake Jestina anafunda nsalu kumutu, kutenga chitini chimodzi, n'kupita kwa mwalimu wa pa mzikiti.

Mwalimuyo anamulandira bwino pamkeka. Anatembenuza chitinicho, kuwerenga zilembo zake pang'onopang'ono, n'kumwetulira. Anati pa unyamata wake anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo kumeneko zitini zoterezi anadyapo. Ndi nsomba ndithu, ndi ya halali, ndipo adzauza anthu Lachisanu kuti asiye kudetsa sitolo ya mnansi ndi nkhani zopanda mutu. Mtima wa Jestina unatsika. Ponyamuka anafunsa mwaulemu ngati mwalimu angafune kugula chimodzi kuti anthu aonere kwa iwo. Mwalimu anaseka, n'kunena kuti mkamwini wake amamubweretsera kampango m'mawa uliwonse, akadali kuphupha.

Mafuta ophikira anayambanso kuyenda, koma zitini zinakhala pomwepo. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulu, munthu wa ku Rumphi, ankagula chimodzi pakutha pa mwezi, n'kuchinyamula m'manja osachikulunga kuti aliyense achione. Wothandizira pachipatala anagulapo kamodzi, osabweranso. Amene ankabwera kawirikawiri anali amayi ofuna zitini zopanda kanthu, zopangira koloboyi kapena zoyezera mchere pamsika. Mmodzi anachita kupempha Jestina kuti akhuthule nsombayo apatse galu, amugulitse chitini chokha.

Choncho nsombazo anayamba kudya okha. A Kingstone analamula kuti m'nyumba mwawo tuna azikhala pa mbale kawirikawiri, chifukwa wogulitsa ayenera kusonyeza chitsanzo. Jestina anaikazinga ndi tomato, anaiphika ndi anyezi, anaisakaniza ndi chisoso, anaithira nsinjiro, koma kukoma kwake kunali kumodzimodzi. Amuna ake ankadya akugwedeza mutu n'kumayamikira mokweza kuti odutsa pamsewu amve. Tsiku lina masana, akupita kukatenga chenje kwa che Ajira, Jestina anawapeza atakhala pachitsa kuseri kwa uvuni wowambira nsomba, manja ali noninoni, akuyamwa mutu wa chambo. Atamuona anati akufufuza za msika, kuti adziwe chimene akupikisana nacho. Che Ajira anayang'ana kumbali akuluma milomo.

Mvula itayandikira, kunamveka kuti ku boma kudzakhala msonkhano waukulu wa chipani, ndipo dera lililonse lipereke mphatso. Wapampando wa nthambi ya pa Lungwena, a Petulo, anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi anyamata ake a malaya ofiira. Wina ankapereka nkhuku, wina mazira, eni makoka ankapereka chambo chowamba. Nthawi zonse ulendo wa a Petulo unkamupweteka mutu Jestina, koma ulendo uno anaulandira ndi nkhope yowala. Anawakhazika pampando wa a Kingstone, n'kukoka makatoni angapo mpaka pakati pa sitolo. Anati banja lawo lasangalala kwambiri ndi msonkhanowo, ndipo likufuna kupereka mphatso yaikulu, yamakono.

A Petulo anatenga chitini chimodzi n'kuchiyang'ana. Nkhope yawo inasintha. Anauza anyamata aja kuti akadikire panja.

"Mayi, mukufuna kundimangitsa?" anatero motsitsa mawu. "Ndikaime pamaso pa akuluakulu, ine wochokera kunyanja, n'kupereka nsomba za kunja? Adzati ndikutanthauza kuti m'dziko muno mulibe nsomba. Adzati ndikunena kuti anthu akuvutika."

Jestina anapepesa, nati sanaganize choncho. A Petulo anati akudziwa kuti sanaganize, n'chifukwa chake nkhaniyi ithere momwemo. Kenako anayang'ana pashelefu n'kunena kuti shuga ndiye mphatso yopanda mlandu. Anatuluka ndi shuga yense amene anatsala, n'kukumbutsa Jestina kuti dzina lake lili m'gulu la amayi okavina. A Kingstone, amene nthawi yonseyi anali chilili ngati ali pa perete, anadikira kuti alendo apite kaye, kenako anati mwina iye akanayamba wawafunsa. Jestina analowa kuchipinda n'kutseka chitseko kuti asanene mawu amene angamveke pamsewu.

Amayi okavina anatengedwa pa lole masiku angapo msonkhano usanachitike, n'kukawasiya pasukulu ina ku boma kuti azikonzekera nyimbo ndi magule. Ankagona m'makalasi, ndipo aliyense anauzidwa kuti atenge ufa ndi ndiwo zake. Amayi a pa Lungwena anatenga utaka ndi chambo chowamba. Jestina, posafuna kuwononga china, anaponya zitini m'thumba. Anzake ankamuseka kuti wabwera ndi njoka zake.

Pafupi ndi pamene ankaphikira panali mafuwa a amayi ochokera ku Katuli, kumapiri a kum'mawa. Iwowo anali ndi nyemba ndi mfutso basi, ndipo nyembazo zinkachedwa kupsa moti belu lokavina linkalira asanadye. Tsiku lachiwiri Jestina anawamvera chisoni. Anaboola zitini ziwiri, kukazinga ndi tomato, n'kuwapatsa, akuyembekeza kuti nawonso afunsa za mutu. Sanafunse. Anadya mwakachetechete mpaka kupukuta poto. Atatha, mmodzi wa iwo, mayi wamtali wolankhula mofulumira dzina lake Zena, anabwera kudzakhala pafupi naye atanyamula chitini chopanda kanthu.

Zena anali ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi ndi zakudya pamsika wa ku Katuli. Anafunsa kuti nsomba imeneyi imakhala nthawi yaitali bwanji isanawole. Jestina anati malinga chitini chisabooke, mwina mpaka mwini wake atakalamba. Zena sanaseke. Anafotokoza kuti kwawo mvula ikayamba msewu umaduka, malole safika, ndipo nsomba zouma zimene amalonda amakwera nazo pa njinga zimafika zitanyowa, zina zili ndi mphutsi. Anthu amatha miyezi akudya masamba. Komanso kufupi ndi kwawo kuli minda ikuluikulu ya fodya, ndipo antchito ake akalandira malipiro amafuna ndiwo ya nsomba, osaipeza. Anafunsa ngati zitinizo zilipo zambiri.

Jestina anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akumuseka. Kenako anati zilipo zoti munthu akhoza kumangira nyumba.

Anagwirizana pomwepo, ng'oma zikulira kubwalo. Zena analibe ndalama zolipiriratu, koma anali ndi nyemba, mtedza ndi nandolo. Mwamuna wake, Awali, azitsika ndi njinga kudzatenga zitini, n'kusiya matumba a mbewuzo.

Awali anayamba kubwera mvula yoyamba itangogwa. Ankafika matope ali mpaka m'mawondo, kumwa madzi, kumangirira katoni pakaliyala ndi malamba a chubu, n'kubwerera. Jestina anathira nyemba m'lichero pakhomo pa sitolo mosayembekeza zambiri. Zinatha tsiku lomwelo. Anthu a kunyanja, amene ankadya nsomba m'mawa ndi madzulo chaka chonse, ankalimbirana nyemba za ku Katuli ngati nyama. Che Yakobo ankatumiza mkazi wake kudzafunsa ngati wanjinga uja wabwera. Che Ajira ankasungitsiratu mbale yake. Mulu wa pakona uja unayamba kutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Limbe zitini zija, Jestina ankatha kusesa mpaka kukhoma.

Chimene chinkamutopetsa tsopano chinali pakamwa pa amuna ake. A Kingstone ankauza aliyense wokhala pakhonde kuti iwo anaziona kale zimenezi. Ankati malonda ali ngati nkhondo, amafuna munthu woona patali, ndipo ena m'nyumba muno ankafuna kutaya mtima msanga. Za Katuli ankazinena ngati anachita kukhala pansi n'kuzikonza okha. Mphunzitsi wamkulu atawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti kumapiri kuli msika, iwo anangoloza chala pamutu pawo. Jestina ankamva zonsezi ali kuseri kwa kauntala akudula sopo, ndipo tizidutswa tina tinkatuluka tokhota.

Pofika mwezi wa Febuluwale katoni yomaliza inakwera phiri. Awali anabwera ndi uthenga wa Zena wakuti anthu azolowera. Antchito a ku fodya akumafunsa tuna ndi dzina lake, akapitawo akumagula zopita nazo kunyumba, ndipo mayi wina wa pamsika womwewo wayamba kufufuza kumene Zena amazitenga. Atumize zina msanga, zambiri kuposa poyamba.

Jestina anasunga uthengawo mumtima tsiku lonse. Madzulo, atatseka sitolo, anaima pafupi ndi mpando wa amuna ake n'kunena, akuyang'ana kumbali, kuti pakufunika kuti apite ku Limbe akatengeko nsomba zija. A Kingstone anatsitsa wailesi. Anati sanamve bwino, abwereze. Iye anabwereza. Anafunsa kuti nsomba ziti, poti nsomba zili mbwee kutsidya kwa msewu. Jestina anatchula dzina lake. Iwo anapempha kuti awasitire jekete.

Ulendo uno anawauza chinthu chimodzi chokha choonjezera pa shuga ndi palafini, ndipo anawaperekeza mpaka pa lole akuchibwereza. Masiku amene iwo kunalibe, Awali anatsika kawiri ndi matumba a nyemba, kusiya ngati chikole, moti kuseri kwa kauntala kunalibe poponda.

Lole itabwera, Jestina anaona makatoni ambiri ndipo mtima unakhala pansi. Koma a Kingstone sanatsike ndi changu chawo cha masiku onse. Anayamba ndi kufotokoza kuti tuna kulibe. Sitima za pamtunda zochokera ku doko la Beira sizikuyenda bwino chifukwa cha nkhondo ya kutsidya, ndipo katundu wa kunja akuvuta. Komanso a Blackson anena kuti ngakhale akanakhalapo, tuna ndi nkhani yakale. Msika wasunthanso. Anthu amakono tsopano akufuna chakudya chokhalitsa m'mimba, chosafuna nkhuni zambiri, ndipo kampani inali ndi katundu watsopano amene anangopatsa makasitomala ake okhulupirika okha.

Jestina anang'amba katoni. Pachitinipo panali chithunzi cha mbale yodzaza nyemba zofiira, zosambira mu msuzi wa tomato.

Anayang'ana chitinicho, n'kuyang'ana matumba a Zena amene anatsamira khoma mpaka pawindo. Che Ajira, amene anabwera kudzaonerera katundu, anatenga chitini chimodzi, kuchiyang'ana, kuchibwezera mwaulemu, n'kuchoka mofulumira atagwira pakamwa. A Kingstone anayamba kunena kuti nyemba izi n'zosiyana, n'zophikaphika, zotsekemera pang'ono. Jestina anauza woyendetsa lole kuti makatoniwo asawatsitse, ndipo anamufunsa nthawi imene abwerere ku Limbe mawa lake.

M'mawa anavala chitenje chake chabwino n'kukwera kutsogolo. A Kingstone anaima pamsewu akunena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kuti akawachititsa manyazi, kuti a Blackson si munthu wofikiridwa wamba. Iye anawauza kuti sopo adule tizidutswa tofanana, ndipo asagule kanthu kwa munthu aliyense wodutsa.

Ku Limbe anafika tsiku lotsatira, atagona kwa mchemwali wake ku Zomba. Pa kampani paja anamuuza kuti a Blackson ali otanganidwa. Iye anapempha anyamata a lole kuti atsitsire makatoni pakhomo penipeni pa nyumba yosungiramo katundu, n'kukhalapo, thumba lake lili pamiyendo. Ngolo zotulutsa katundu zinkachita kumuzungulira. Mlonda anamupempha kuti asunthe, iye anati asuntha akaonana ndi a Blackson. Dzuwa litafika pamutu, anatuluka munthu wamng'ono thupi, wovala malaya oyera, wooneka wotopa kuposa mmene Jestina ankamuganizira.

A Blackson anayesa kulankhula za msika ndi anthu amakono, koma anaona kuti mayiyu sakumvetsera. Kenako anasiya mawu a mu ofesi aja n'kunena zoona zake. Katundu amabwera mmene wabwerera, osati mmene iwo afunira. Akuluakulu awo akaitanitsa chinthu n'kukanika kuyenda m'tauni, amawapatsa iwowo kuti achipezere kopita, ndipo akalephera ntchito iwathera. Jestina anawauza kuti ku Katuli kuli anthu amene akufuna tuna lero lino, ndipo ali okonzeka kugula. A Blackson anadabwa, n'kufunsa kuti Katuli ili kuti. Anati n'zomvetsa chisoni, chifukwa zitini zomaliza anazipereka motchipa kwa munthu wina woweta nkhumba mwezi wathawo, poona kuti palibe akuzifuna, ndipo sakudziwa ngati zidzabwerenso.

Anakangana mpaka masana. Pomaliza a Blackson analola kulandira theka la makatoni n'kusinthitsa ndi shuga, palafini ndi magalasi a nyali. Theka linalo anakana, nati akalandira lonse ndiye kuti mawa iwonso akakhala pakhomo ngati iyeyo. Jestina anaona kuti apa ndiye pothera. Asananyamuke anazungulira masitolo ena a mu Limbe kufunsa tuna, n'kupeza zitini zochepa za nsomba zina zazing'ono za mu tomato, zimene anatenga kuti Zena akayesere anthu ake.

Atafika pa Lungwena anapeza Awali atakhala pakhonde, njinga itatsamira mtengo. Anamufotokozera zonse, n'kumupatsa nsomba zazing'onozo ndi shuga pa nyemba zimene anasiya. Awali anapukusa mutu, nati Zena sakondwa, chifukwa anthu akufuna yomwe ija yopanda minga. Jestina anati akudziwa. Mongoyesa mwayi anamufunsa ngati kumapiri angayeseko nyemba za m'chitini. Awali anaseka mpaka kutsokomola, n'kukwera njinga yake.

Nyemba zija zinatenga malo a pakona. Mphunzitsi wamkulu ankagula chimodzi pakutha pa mwezi. Zina zonse anadya a Kingstone okha, chifukwa Jestina anakana kuzilawa, ndipo ankawatenthetsera m'mawa ndi madzulo osaphonya. Iwo ankadya osayamikira mokweza ngati kale.

Kuyambira chaka chimenecho wopita ku Limbe anali Jestina. A Kingstone ankauza anthu pakhonde kuti anamupatsa ntchitoyo dala kuti aphunzire za malonda, poti iwo msana unayamba kuvuta pa lole. Jestina sankawatsutsa. Ankangoonetsetsa kuti ulendo uliwonse ukhale waufupi, chifukwa amuna ake akatsala okha m'sitolo, panjira pankadutsa anthu ambiri ogulitsa zinthu, ndipo iwo ankakonda kuwaitanira pakhonde kuti amve zimene abweretsa.